Kodi woimba yekha ndi gitala angadye nazo nyimbo kuno, kapena ndidikire ukalamba ngati Agide?

Mnyamata_wa_Bangwe:

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga osalemba kanthu, koma nkhaniyi yandifika pakhosi nde ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula.

Ndili ndi zaka 26, ndimakhala ku Bangwe, masana ndimagulitsa mu shopu ya zitsulo ndi penti ku Limbe, madzulo ndimaimba. Ndimaimba ndekha ndi gitala yosalumikiza ku magetsi, nyimbo ndimapeka ndekha, pano zakwana 14 zomwe ndinganene kuti zapsa. Zambiri ndi nkhani za kwathu basi, za agogo anga, za lendi, za mnzanga amene anapita ku Joni osabweranso, ina ndi ya amayi ogulitsa makala amene amadutsa pakhomo pathu kusanache.

Vuto ndi ili. Mwezi watha ndinaimba pa bala ina, tinagwirizana K40,000, ndinayamba 7 koloko mpaka cha m'ma 11 zala kuchita kutuluka matuza, pomaliza mwini wake akuti anthu sanamwe mokwanira nde anandipatsa K8,000 kuti ndikwerere njinga. Ndinafika kunyumba ndili chete, gitala ndinangoiponya pabedi osaipukuta nkomwe. Kenako pali pulodyusa wina amene wamva nyimbo zanga, akuti mawu ndi abwino koma zikumveka zachikale, tiikemo biti ya amapiano, situdiyo sindilipira koma nyimbozo zikhale zathu tonse awiri theka theka. Mayi anga nawo akuti ndisiye zimenezi ndikachite kosi ya zamagetsi.

Ndikagona ndimaganiza za a Giddes Chalamanda, Agide amene. Anabadwa 1930, aimba moyo wawo wonse, koma dziko linadzawadziwa bwinobwino atapitirira zaka 90. Ine ndimawakonda mdala amenewo kuchokera pansi pa mtima, ndi amene anandichititsa kugwira gitala, koma ndikuopa. Njira ya munthu woimba yekha kuno kwathu ndi imeneyi basi? Ndimuvomere pulodyusayo? Ndithandizeni maganizo chonde.

Madala_a_ku_Thyolo:

Mwana wanga, ndawerenga kawiri zomwe walembazi. Ine ndi wamkulu, ndinakula nthawi imene wailesi inali imodzi yokha ya MBC, ndipo kwathu ndi komwe kunachokera a Allan Namoko, nde nkhani ya anthu oimba ndi kachipangizo kamodzi pamwendo ndimaimva mumtima.

Choyamba ndikukonze pang'ono. Agide sanadikire ukalamba ayi. Amene anachedwa ndi anthu a pa intaneti, ife tinkawadziwa kalekale. Mdala uja wayenda ndi gitala yake m'mabala a mu Blantyre ndi Limbe zaka zosawerengeka, akukwera basi kuchokera ku Chiradzulu, kuimba patsogolo pa anthu oledzera ena osamvetsera nkomwe, kutolera zomwe aponyeredwa nkubwerera kumudzi. Nyimbo zomwe unazimva pa foni yakozo zinapsa m'malo ngati amene wakubera K32,000 akowo. Pamene Namadingo ankakhala nawo pansi mu 2020 kupanga mashapu aja osakaniza nyimbo zawo zakale, mdalayo sankasakasaka mawu kapena kufunsa kuti tiyambire pati, nyimbo zinali m'magazi chifukwa anali ataziimba kambirimbiri. Ndipo usaiwale Edgar ndi Davis, anyamata aja anawagwira dzanja mdalayo kwa zaka, kuwatenga m'mashoo awo, mpaka mu 2016 Agide anakaponda ku America komwe ankakulakalaka mu nyimbo yawo ina ija. Woimba yekha sakhala yekha kwenikweni, pamakhala anthu awiri atatu amene amakhulupirira mwa iye pamene ena onse akungodutsa.

A Namoko anali osaona. Banjo yawo inali yopanga pamanja, gulu lawo la Chimvu River Jazz Band linali ndi ng'oma zachikopa ndi zipangizo zokhoma okha, palibe chogula m'sitolo. Koma ikangolira pa wailesi masana, amayi anga ankasiya kupeta nkuima ndi lichero m'manja mpaka nyimbo ithe. Mawu awo anali okhakhala, olira, ngati munthu amene akukuuza za maliro a kwanu. Anyamata tonse m'mudzi tinkafuna kukhala iwowo, tinkatenga chigaloni cha mafuta, kuboola, kulowetsa mtengo, nsambo zake timachotsa ku waya wa mabuleki a njinga, ndipo chala chikachekeka umangochiyamwa nkupitiriza.

Kunalinso a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald a ku Chileka. Amenewo ankaimba m'misewu ya Blantyre, mpaka mzungu wina wa ku Austria wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik, anawapeza mu 1967 nayamba kuwajambula. Kuchokera pamenepo anayenda maiko, a Donald mpaka anakaphunzitsa ku yunivesite ku California. A Daniel ankaimba gitala imodzi koma ukatseka maso umaganiza kuti ndi anthu atatu, chala chachikulu chikuyendetsa besi zinazo zikuimba nyimbo.

Za biti ya amapiano sindinena zambiri, si za msinkhu wanga. Koma nyimbo ya amayi a makala ija ndikufuna nditaimva momwe unaipekera, ndi gitala basi. Ndipo ntchito ya ku shopu usaisiye, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kosi ya zamagetsi ikapezeka chita, mayi ako sakukuda, akuopa zomwe anaona zikuchitikira oimba a nthawi yawo.

Nachisale_LL:

Bambo a ku Thyolo, ndi ulemu wonse, mwalankhula zokoma koma mwadumpha pomwe pakuwawa. A Namoko omwe mukuwatchulawo anamwalira mu 1995 asanakwanitse ndi zaka 40 zomwe, ali osauka, pamene dziko lonse linkavina nyimbo zawo. A Daniel Kachamba anapita mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Ife a Malawi tili ndi chizolowezi choyamikira umphawi wa oimba athu ngati ndi mbali ya luso lawo, timati ee ankaimba ndi chigaloni, ee ankayenda wapansi, koma palibe amene amafunsa kuti ana awo ankadya chani. Ine zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Tengani ya Agide yomweyo. Linny Hoo, nyimbo yoimbira mwana wawo wamkazi, inaonedwa maulendo opitirira 80 miliyoni pa TikTok, anthu a maiko oti sadziwa komwe kuli Malawi akuvina. Atolankhani akunja atapita kumudzi kwawo kumayambiriro kwa 2022 anapeza mwini nyimbo alibe ndi foni yoonera TikTok yomwe. Nde achimwene a ku Bangwe mantha anu ndi oona, musalole munthu akuuzeni kuti mukuganiza mopepera. Kutchuka ndi ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo chimodzi sichibweretsa chinzake pachokha.

Ine ndimakonza maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, ndimalemba oimba ntchito pafupipafupi, nde ndikuuzani zomwe ndimaona. Oimba ambiri aluso amafika kwa ine opanda mtengo, ndikafunsa kuti ndi zingati amati muona nokha mayi. Musamatero. Tchulani mtengo, theka alipiretu pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lisanafike, theka linalo musanatulutse gitala m'chikwama. Amene akukana zimenezo ankafuna kale kukuberani. Wa bala ujayo mukanakhala ndi meseji ya pa WhatsApp yolembedwa K40,000 ndi theka m'thumba, bwenzi nkhani ili ina.

Ndipo siyani kuganiza kuti malo oimbira ndi bala yokha. Munthu wa gitala imodzi ali ndi mwayi umene bandi ya anthu 8 ilibe, mumakwera minibasi ndi chida chanu pamwendo, simufuna jenereta, simufuna lole yonyamula masipika. Pa ukwati pamakhala ola lija anthu akudya, mkwati akukajambulitsa, DJ akangoika phokoso azikulu amayamba kudandaula. Pamenepo ndi panu. Malo ogona alendo a kunyanja, misonkhano ya mabungwe madzulo, masukulu, onsewo amafuna munthu woimba mofatsa woti anthu azimvana akamacheza.

Chachikulu chomwe ndalembera ndi cha theka theka chija. Musasaine, musavomere ngakhale pakamwa. Chuma chanu chonse panopa ndi nyimbo 14 zimenezo, mulibe munda mulibe galimoto, muli ndi zimenezo basi. Lamulo la zaumwini wa luso la 2016 limateteza nyimbo moyo wanu wonse kuonjezapo zaka 50 mutamwalira, kutanthauza kuti zomwe mukufuna kusinthanitsa ndi maola ochepa a situdiyo ndi chakudya cha adzukulu anu. Pitani ku COSOMA, bungwe loona zaumwini wa luso lomwe lilipo kuyambira 1992, mukafunse kalembetsedwe ka nyimbo kuti zidziwike kuti wopeka mawu ndi maimbidwe ndinu. Ndi iwo amene amatolera ndalama ku mawailesi, komanso pali ndalama ija imadulidwa pa zinthu zosungira nyimbo ngati mafoni ndi ma flash zikamalowa m'dziko, imagawidwa kwa mamembala. Sindikunena kuti mudzalemera nazo, koma amene sanalembetse sapatsidwa olo tambala. Pulodyusa mumulipire ndalama yake ya ntchito, olo zitenge miyezi itatu kusunga, nyimbo ikhale yanu.

Wakwathu_ku_Leeds:

Aise ndakumva. Ine ndili ku UK kuno chaka chachisanu, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndikufuna ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso anga.

Tsiku lina mnzanga wachizungu wa kuntchito anandiuza kuti kukubwera bandi ya kwanu, tiye. Ndinapita mokayika, ndikupeza ndi Madalitso Band, anyamata awiri aja ankaimba m'misewu ya Lilongwe, omwe ine ndemwe ndinkawadutsa ndikuthamangira basi. Anthu awiri okha pa siteji. Yobu atakhala ndi babatoni wake, chibokosi chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali kuposa munthu, waya mmodzi yekha, koma akaukoka umamva m'chifuwa muno kugunda. Yosefe ndi gitala ya mawaya anayi, chidendene chikumenya ng'oma yomwe waikhalira osaphonya olo kamodzi. Nyimbo imodzi imatha mphindi zambirimbiri osatopetsa. Holo yonse inaimirira, azimayi achikulire, ana asukulu, palibe amene ankamva Chichewa kupatula ine ndi anthu ena ochepa, ndipo ndinalira aise, sindikubisa. Ndinalira chifukwa cha kwathu komanso chifukwa cha manyazi kuti ndinayenera kuwoloka nyanja kuti ndiime nkuwamvetsera.

Anyamata amenewo anaimba mumsewu zaka zambiri asanakwere ndege. Chitseko chinatseguka mu 2017 pamene anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kumeneko kumabwera anthu okonza mafesitivo a ku Ulaya kudzasaka oimba. Kenako kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo mu 2019. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay nayenso ndi chimodzimodzi, babatoni wake amaimba ndi botolo ndi kamtengo, ka vidiyo kojambulidwa m'mbali mwa nyanja ndi komwe kanamufikitsa kutali.

Nde za biti ija ine ndikuti ayi. Amapiano eni ake ali ku South Africa, akuipanga bwino kuposa mmene pulodyusa wako angaipangire, ndipo chaka chamawa kudzabwera china. Kuno palibe amene angalipire tikiti kuti akaone Mmalawi akutsanzira wa ku Pretoria. Chomwe alibe ndi chomwe uli nacho iweyo.

Koma ndisakunamize, njira ya kunjayi ndi yopapatiza. Pa anthu onse oimba m'misewu ya kwathu amene afika kuno ndi owerengeka pa zala, pamafunika munthu wodziwa kulemba makalata, kuthamangitsa ma visa, kukambirana mitengo, ndipo ndalama zambiri zimathera pa matikiti a ndege. Usaike moyo wako wonse pa loto limenelo. Ungojambula ka vidiyo kabwino panja masana, foni itakhazikika pa mpando osagwedezeka, mawu akumveka, uike pa YouTube ndi dzina lako lolembedwa bwino kuti wofuna kukupeza akupeze.

Pulodyusa_Zomba:

Mwatiweruza tonse ngati akuba, nde lolani nane ndiyankhe. Za theka theka ndikugwirizana ndi achemwali a ku Lilongwe, imeneyo si dilu yabwino, ine ndimatchaja pa nyimbo basi munthu nkumapita ndi katundu wake. Koma zoti biti ndi tchimo ndikukana.

Funsani nokha, Linny Hoo imene inazungulira dziko ndi iti? Ndi ija ya reggae ya ndi Namadingo, yojambulidwa bwino, yokhala ndi besi ndi ng'oma. Nyimboyo inalipo zaka zambiri m'mbuyomo ana a masiku ano osaidziwa. Sanaiononge, anaiveka malaya oti ilowe nawo m'foni za achinyamata, ndipo mawu a mdala uja anakhalabe patsogolo. Nkhani ndi yoti pulodyusa akumvetsera nyimbo yako kapena akungoikakamiza mu biti yomwe anapanga kale dzana. Ukalowa mu situdiyo iye nkutsegula kompyuta usanaimbe nkomwe, tuluka. Wabwino amayamba wakhala pansi nkukumvera nyimbo yonse kawiri.

Achimwene a ku Leeds, azungu mu holo ndi abwino koma mnyamatayu akukhala ku Bangwe, amene angamudyetse sabata ino ndi anthu a mu minibasi ndi pa wailesi za kuno. Ndipo za pa intaneti tisanamizane. Spotify inafika kuno mu 2021, koma kuti nyimbo ikafike kumeneko umadutsira kwa ma distributor ngati DistroKid kapena TuneCore, ambiri amafuna madola pa khadi, ndi mmene forex ikuvutiramu. Kuyambira 2024 nyimbo yosakwana ma stream 1,000 pa chaka siilandira kanthu. Anthu athu ambiri bandulo ndi yodula, nyimbo amatumizirana pa WhatsApp kapena kukaikitsa mu memory card kumsika. Kale kunali makaseti, woimba amapita ndi master, tepi yoyamba yochokera ku situdiyo, kwa O.G. Issa ku Limbe nkubwerako ndi ndalama m'manja, msika umenewo unafa ndipo palibe chinalowa m'malo mwake chokwanira. Zipangizonso zinakwera, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mawaya a gitala enieniwo anasanduka chinthu choganizira kawiri.

Langizo langa, sankha nyimbo zitatu osati 14. Ziwiri ujambule momwe zilili, gitala ndi mawu, maiki abwino m'chipinda chopanda phokoso, tsiku limodzi zatheka ndipo sizidula. Yachitatu uyese kuikamo besi yofewa ndi kang'oma ka manganje kapena ka tchopa, za kwanu komweko, osati za ku Joni. Kenako uone yomwe anthu akutumizirana. Ubwere utayeseza mokwanira, mawaya atsopano uwaike masiku awiri isanafike nthawi kuti akhazikike, chifukwa theka la nthawi ya situdiyo anthu amathera kuchuna gitala.

Mnyamata_wa_Bangwe:

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti anthu angandiyankhe motalika chonchi. Ndawerenga ndili ku shopu mpaka kasitomala anachita kundigwedeza.

Achemwali a ku Lilongwe, mawu anu oti chuma changa ndi nyimbo 14 andikhudza, sindinaziganizepo choncho. Pulodyusa uja ndamuimbira dzulo ndamuuza kuti theka theka ayi, anditchulire mtengo wa nyimbo imodzi. Sanasangalale koma sanatseke foni. Za COSOMA ndifufuza sabata ino zofunika kutenga.

Pali chinthu chimodzi sindinanene poyamba. Mwezi wa Ogasiti kunali sadaka ya agogo anga kumudzi, usiku anthu atadya ndinatulutsa gitala pafupi ndi moto nkuimba nyimbo ija ndinawapekera, imatchula mmene ankatiwotchera mbatata m'phulusa ndi mmene ankaitanira nkhuku zawo madzulo. Nditafika pa kolasi kachiwiri azakhali anga anayamba kuyankha, kenako amayi ena onse, mawu anayi osaphunzitsidwa ndi munthu, ena akupukuta misozi ndi chitenje. Mayi anga omwe amati ndisiye aja anali pakati pawo akuimba. Tinaibwereza katatu. Palibe anandipatsa olo K100 usiku umenewo, koma ndi chifukwa chake gitala ija ndinaitolanso pabedi paja mmawa mwake mwa tsiku la ku bala.

Akulu a ku Zomba, imeneyo ndi imene ndikufuna kuyamba nayo. Kodi zingatheke kujambulira kumudzi komweko ndi azakhali angawo, kapena mpaka ndiwabweretse mtauni? Ali anayi ndipo mmodzi miyendo imamuvuta.

Pulodyusa_Zomba:

Zimatheka, ndipo zimamveka bwino kuposa kuwatsekera mu situdiyo momwe amachita mantha ndi ma headphone. Pamafunika laputopu yodzaza batire, maiki awiri ndi ka interface kolumikizira maikiwo ku laputopu basi. Upeze chipinda cha dothi kapena chofolera ndi udzu, malata amabweza mawu komanso amalira dzuwa likatentha. Mujambule mmamawa mphepo isanayambe, nkhuku muzitsekere kaye, ana muwatume kutali. Azakhaliwo uwafotokozere bwinobwino komwe nyimboyo ipite, maina awo alembedwe, ndipo uwapatse kangachepe tsiku lomwelo. Kumudzi kwanuko ndi kuti? Ngati ndi mbali ya Chiradzulu kapena Namadzi ndi pafupi ndi ine.

Madala_a_ku_Thyolo:

Mayi a ku Lilongwe mwanena zoona, a Namoko tinawavina koma sitinawasamale, ndipo ine ndili m'gulu la olakwawo. Mwana wanga, nkhuku imodzi uisiye panja ilire, agogo akowo ankaziitana madzulo. Ikatuluka nyimboyo unditumizire, mdzukulu wanga adzanditsegulira pa foni.